Lamulo latsopano la usodzi limayamba liti? Phunziro la masiku ndi malire a panyanja



Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, pamagombe athu pamabuka mkangano umodzimodzi. Wina akuti nyanja atseka mawa, wina akuti ayi, chaka chino asintha. Wina wamva pawailesi kuti kwabwera malire atsopano, mnzake walandira uthenga pa WhatsApp wonena zosiyana. Mwini khoka sakudziwa ngati agule mafuta a injini, mayi wogula nsomba sakudziwa ngati apereke ndalama ya chikole, ndipo anyamata okoka angokhala pansi pa mtengo kudikira.

Mkangano umenewu umadya chuma. Amene wakhulupirira mphekesera yoti lamulo layamba pomwe lisanayambe amataya masiku a ntchito, ana n'kugona ndi njala popanda chifukwa. Amene wakhulupirira zoti silinayambe pomwe layamba amalandidwa ukonde womwe mwina ngongole yake sanamalize kubweza. Tsiku lomwe tamva za lamulo si tsiku lomwe lamulolo layamba kugwira ntchito, ndipo lamulo la usodzi silikhudza madzi onse kapena zida zonse mofanana. Tikadziwa mafunso oyenera kufunsa, chisokonezo chambiri chimatha.

1. Malire a usodzi ali m'magulu anayi

Munthu akati "aika malire", choyamba tidziwe kuti akunena malire ati, chifukwa kuno kwathu alipo amitundu inayi.

Pali malire a nthawi. Kwa zaka zambiri, pa nyanja ya Malawi nyengo yotseka inkayamba pa 1 Novembala n'kutha pa 31 Disembala, ndipo inkalunjika makamaka pa makoka okokera kumtunda, aja amasesa m'madzi osaya momwe chambo chimaswanira.

Pali malire a malo. Paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 kumbali ya Chembe ndi Monkey Bay, imateteza madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa mtunda ndi zilumba zake. Kumeneko nkhani ya mwezi palibe, chiletso chake ndi cha chaka chonse. Midzi ina inapatulanso malo oswanira nsomba omwe anthu anagwirizana kuti asaponyemo ukonde.

Pali malire a zida. Neti ya udzudzu ndi yoletsedwa kuphera nsomba nthawi zonse. Nkacha ndi chida cha ku Malombe, pa nyanja ya Malawi sichiloledwa. Maso a matchera ndi a makoka ali ndi muyeso womwe sayenera kuchepera.

Pali malire a kukula kwa nsomba. Chambo chosakwana masentimita 15 sichiyenera kuphedwa, ndipo mpasa muyeso wake ndi masentimita 30.

Taonani tsono momwe chisokonezo chimayambira. Pakasintha chimodzi mwa zinayizi, uthenga ukamadutsa m'makutu a anthu asanu umafika pagombe utasanduka wakuti "nyanja atseka". Wa mbedza amaleka ntchito pomwe nkhani inali ya makoka. Nyengo yotseka ikatha, wina amaganiza kuti chilichonse chatseguka, n'kutulutsa neti ya udzudzu, osadziwa kuti chiletso cha chida chimenecho chilibe tsiku lotha.

2. Lamulo limakhala ndi masiku atatu

Tsiku loyamba ndi lomwe nkhani yalankhulidwa. Nduna kapena mkulu wa nthambi ya zausodzi atha kunena pamsonkhano kuti boma likufuna kuwonjezera miyezi yotseka kapena kusintha maso a ukonde. Atolankhani amalemba, wailesi imaulutsa. Apa n'kuti akadali maganizo chabe. Mawu akuti "tikufuna", "tikuganizira", "posachedwapa" amasonyeza kuti chinthucho chisanapse.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe lamulo lavomerezedwa n'kusindikizidwa. Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti lamulo lopangidwa ku Nyumba ya Malamulo siliyamba kugwira ntchito lisanatuluke mu Gazeti ya boma. Lamulo lalikulu la zausodzi lomwe linakhazikitsidwa mu 1997 linapatsa nduna mphamvu zolemba malamulo ang'onoang'ono ofotokoza za maso a ukonde, nyengo zotseka ndi ziphaso, ndipo ena mwa iwo anatuluka mu 2000. Amenewanso amayenera kudutsa mu Gazeti.

Tsiku lachitatu ndi lomwe lamulo layamba kuluma. Nthawi zina limakhala tsiku lomwelo losindikiza, nthawi zina amaika tsiku lina lakutsogolo kuti anthu akonzeke.

Pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu patha kupita masabata, miyezi, ngakhale zaka, ndipo maganizo ena amathera m'njira osasanduka lamulo n'komwe. M'nthawi yonse yodikirayo, lamulo lakale limakhala lidakali ndi mphamvu. Apa ndi pomwe ambiri timapunthwa. Timaganiza kuti poti latsopano likubwera ndiye kuti lakale lafa, pakatipa n'paufulu. Ayitu, mpata wotero kulibe. Lakale limagwira ntchito mpaka tsiku lomwe latsopano lalowa m'malo mwake.

Mbali inanso ya nkhaniyi imatiteteza ife. Malamulo aakulu a dziko amanena kuti munthu sangapezeke wolakwa pa chinthu chomwe sichinali mlandu pa nthawi yomwe anachichita. Ngati muyeso watsopano uyamba pa 1 wa mwezi wamawa, palibe amene ayenera kukuimbani mlandu chifukwa cha zomwe munachita dzulo motsata muyeso wakale.

3. Eni malamulo ndi angapo, ndipo madzi ndi osiyana

Chisokonezo china chimabwera chifukwa pagombe limodzi pamagwira ntchito malamulo ochokera mbali zingapo.

Alipo a boma lalikulu, omwe amabwera kudzera ku nthambi ya zausodzi. Alipo a khonsolo ya boma lathu, pakuti lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo kupanga malamulo a m'dera lawo, omwe amayenera kuvomerezedwa ndi nduna. Ndiye kuti zomwe zavomerezedwa ku Nkhotakota sizingofika zokha ku Mangochi kapena ku Salima. Alipo a makomiti a pagombe, aja timangoti BVC, omwe anayambira ku Malombe mu 1993. Alipo a mafumu.

Chitsanzo chodziwika cha malamulo a mafumu ndi cha pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo. Msodzi amene angowerengera masiku a boma n'kupalasa kupita ku Mbenji nyengo yotseka ya boma itangotha adzabwezedwa, ndipo sadzakhala ndi chonena. Chomwe tingaphunzire ku Mbenji n'chakuti kumeneko mkangano wa tsiku suvuta kwenikweni, chifukwa wolengeza ndi mmodzi, amalengeza poyera pamwambo, ndipo aliyense amadziwa kokafunsa.

Nyanja nazo n'zosiyana. Chilwa ndi nyanja yosaya yomwe inaumapo mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo nyengo yake yotseka imayamba mu Disembala, osati mu Novembala. Malombe ndi mtsinje wa Shire wa kumtunda zili ndi malamulo akeake. Msodzi amene amasamuka kutsata nsomba asanyamule masiku a kwawo m'mutu n'kukawagwiritsa ntchito kwa eni ake. Nawo abale athu okhala pafupi ndi malire a Mozambique akumbukire kuti akadutsa tsidya lija alowa m'malamulo a dziko lina.

Maboti aakulu okoka ukonde ndi injini ali ndi ziphaso zawo, madera awo ndi zoyenera kutsata zawo. Uthenga wokhudza iwo usatisokoneze ife a mabwato, ndipo uthenga wokhudza ife tisaganize kuti ndi wa iwo okha.

4. Timawerenga masiku m'njira zitatu

Pali chisokonezo china chomwe chimatikhudza ife makamaka, chifukwa m'nyumba mwathu muli makalendala atatu.

Asodzi timawerenga ndi mwezi wakumwamba: mdima uno, mdima wamawa, mwezi ukawala. Usipa wa nyali umadalira mdima, ndiye mapangano ambiri a pagombe amayendera pamenepo.

Monga Asilamu tili ndi kalendala ya Hijri, yomwe chaka chake chili ndi masiku pafupifupi 354. Chimachepa ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi chaka cha boma. Munthu amene amakumbukira kuti "chaka chija anatseka patangopita sabata kuchokera pa Maulidi" adzaphonya ndi masiku 11 chaka chotsatira, ndipo pakatha zaka zitatu adzakhala ataphonya ndi mwezi wathunthu. Masiku a usodzi tisamawamangirire ku Ramadhani, ku Eid kapena ku Maulidi, chifukwa izi zimayenda pomwe 1 Novembala ali pamodzimodzi.

Chinanso, pa kawerengedwe kathu ka Chisilamu tsiku limayamba dzuwa likalowa, pa Magharibi. Tikati usiku wa Ijumaa timanena usiku wotsatira masana a Lachinayi. Boma silitero, tsiku lake limayamba 12 koloko ya usiku. Ndiye chiletso chikati kuyambira pa 1 Novembala, chimayamba pakati pa usiku womwe watsatira masana a pa 31 Okutobala. Khoka loponyedwa madzulo a pa 31 n'kudzafika kumtunda m'bandakucha lafika nyanja itatsekedwa kale. Kumapeto nakonso n'chimodzimodzi. Mawu akuti "mpaka pa 31 Disembala" akutanthauza kuti tsiku la 31 lonse ndi lotseka, ndipo Magharibi a tsikulo sakutsegula kanthu. Kuwerenga bwino, masiku otseka ndi 61: masiku 30 a Novembala ndi 31 a Disembala.

5. Mafunso asanu oyenera kufunsa

Uthenga uliwonse wa malire atsopano ukafika, kaya wabwera ndi wailesi, kaya ndi foni, kaya ndi mlamu wochokera ku boma, tiufunse mafunso awa.

Wanena ndani? "Akuti" si dzina la munthu. Tidziwe ngati ndi nthambi ya zausodzi, khonsolo, mfumu kapena komiti.

Akunena madzi ati? Nyanja yonse, boma limodzi, kapena gombe limodzi?

Akunena chida chiti, kapena nsomba iti? Khoka, chilimira, matchera, mbedza ndi mono sizili m'thumba limodzi.

Kuyambira tsiku liti, mwezi uti, chaka chiti, mpaka liti? Chaka tisachiiwale. Mauthenga a pafoni safa, chikalata cha zaka zitatu zapitazo chimatha kuzunguliranso ngati chatsopano.

Pepala lake lili kuti? Chidziwitso chenicheni chimakhala ndi tsiku, dzina la ofesi, siginecha ndi chidindo.

Ngati uthenga ukulephera kuyankha limodzi mwa mafunso amenewa, sunakwane. Tisauponyere ena pafoni, ndipo tisagule kapena kugulitsa chida chifukwa cha iwo. Kokafunsa kulipo: mlangizi wa zausodzi wa m'dera lathu, ofesi ya zausodzi ya paboma, ndi wapampando wa BVC. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mtengo wa mayunitsi oimbira mlangizi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa khoka.

Tikupempha makomiti a pagombe kuti ntchito yofunsayi isamasiyidwe kwa aliyense payekha. Sankhani anthu awiri, bambo ndi mayi, omwe azipita ku ofesi kumayambiriro kwa Okutobala kukatenga chidziwitso cholembedwa. Chikabwera chiwerengedwe pamsonkhano wa mudzi, chimasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao kapena m'Chitonga molingana ndi dera, ndipo chikhomedwe pagombe. Mashehe ndi makomiti a m'mizikiti atha kuthandiza pochilengeza swala ya Ijumaa ikatha, monga momwe timalengezera za katemera kapena za makuponi. Koma wolengeza awerenge zomwe zalembedwa papepala, asawonjezere za m'mutu mwake.

6. Tichite chiyani yankho lisanabwere?

Nthawi zina timafunsa koma yankho limachedwa, mlangizi naye akudikira kalata kuchokera kumtunda. Zikatero, nazi zomwe zingatisunge.

Tsatirani lamulo lomwe mukulidziwa kale, chifukwa ndi lomwe likugwira ntchito. Ngati mauthenga awiri akusiyana pa tsiku lotsekera, konzekerani tsiku loyandikiralo. Kutaya masiku atatu a usodzi kumapweteka, koma m'mawa mwake ukonde umakhala ulipo. Kulandidwa ukonde kumatha kugwetsa banja kwa chaka chathunthu, pamodzi ndi mabanja a anyamata onse okoka.

Musagule ukonde watsopano pomwe kukumveka zoti maso a ukonde asintha. Dikirani muone muyeso papepala. Wogulitsa yemwe watsitsa mtengo mwadzidzidzi mwina akufuna kutaya katundu yemwe akudziwa kuti posachedwa sadzaloledwa. Ndipo musalowe m'katapila pofuna kuthamangira masiku omaliza, chifukwa chiwongola dzanja chimapitiriza kukula ngakhale nyanja itatsekedwa.

Amayi ogula ndi kuyanika nsomba, musapereke chikole cha nsomba zomwe zidzaphedwe tsiku lokayikitsa. Funsaninso alangizi za nsomba zouma zomwe zili kale m'nyumba kapena pamathandala, kuti mudziwe kayendetsedwe kake m'nyengo yotseka musanakwere nazo galimoto. Kasawala musamugule nthawi ina iliyonse, chifukwa ogula akasowa opha nawo amaleka.

Eni zida, khalani pansi ndi anyamata anu mwezi usanathe. Auzeni tsiku lomaliza la ntchito, werengerani zonse zomwe akuyenera kulandira, muwapatse. Kusunga malipiro a wantchito pomwe ukudziwa kuti miyezi yotseka ikubwerayi alibe pogwira ndi kupondereza.

Zikachitika kuti chida chanu chagwidwa ndipo mukukhulupirira kuti simunalakwe, musalimbane ndi ogwira ntchito pamadzi. Funsani modekha kuti ndi lamulo liti lomwe mwaphwanya, pemphani kuti alembe zomwe atenga, ndipo nkhaniyo mukaitsatire ku ofesi pamodzi ndi a komiti. Ziphuphu musapereke. Wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa, ndipo gombe lomwe lazolowera ziphuphu silidziwanso tsiku lenileni la lamulo lililonse, chifukwa tsiku limasanduka la amene ali ndi ndalama.

7. Chifukwa chake masikuwa anaikidwa

Chambo chimaswana dzinja likamayamba. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mpaka titakhwima pang'ono, kenako n'kukatisiya m'madzi osaya momwe muli udzu ndi bango. Khoka likadutsa pamenepo limaphwasula zisa, ndipo chambo chimodzi chachikazi chikagwidwa chimafa pamodzi ndi ana onse omwe chanyamula. Kuti kasawala akule n'kuyamba kuswana pamatenga zaka pafupifupi zitatu.

Zotsatira za kusasamala tinaziona ndi maso. Ku Malombe chambo chinali chochuluka m'zaka za m'ma 1980, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitagweratu, ndipo n'chifukwa chake makomiti a pagombe anayambira kumeneko. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pafupi kutheratu. Ntchila, yomwe agogo athu ankaipha yambiri, ana ambiri a lero sanaionepo.

Chambo sichidziwa za Gazeti. Kalata ichedwe kapena ifulumire, icho chimaswana nthawi yake ikakwana. Choncho tikamafufuza tsiku lenileni, cholinga chisakhale kupeza kampata kozembera. Tikufuna kudziwa tsikulo kuti tisalangidwe popanda mlandu, komanso kuti gombe lonse lileke tsiku limodzi n'kuyamba tsiku limodzi. Ena akaleka ena n'kumapitiriza ponamizira kuti sanamve bwino, omvera aja amaoneka opusa, ndipo chaka chotsatira palibenso womvera. Nyanjayi ndi amana yomwe tasungitsidwa, ana athu adzaifunanso.

Mwayi wake ndi wakuti nyengo yotseka imakumana ndi mvula yoyamba. Banja lomwe ladziwa tsiku msanga limatha kugawa ntchito: mu Okutobala kumaliza kusosa ndi kugula mbewu ndi ndalama za nsomba zomaliza, mu Novembala ndi Disembala manja onse kumunda wa chimanga, wa mpunga kapena wa chinangwa, madzulo kusoka maukonde ndi kumata mabwato. Banja lomwe ladzidzimutsidwa limapezeka lilibe nsomba, lilibenso mbewu.

Mafunso okambirana pabanja kapena pagulu

1. Pagombe lathu, ndi zida ziti zomwe zimaletsedwa m'nyengo yotseka yokha, ndipo ndi ziti zoletsedwa chaka chonse?
2. Ndani pakati pathu ali ndi nambala ya mlangizi wa zausodzi? Nanga chidziwitso cholembedwa cha chaka chino chili ndi ndani?
3. Kupatula malamulo a boma, kodi pali malamulo a khonsolo, a mfumu kapena a BVC omwe amakhudza gombe lathu? Masiku ake ndi ati?
4. Uthenga womaliza wa zausodzi womwe tinalandira pafoni ukuyankha mafunso angati mwa asanu aja?
5. Banja lathu lidzadya chiyani m'masiku otseka amenewa, ndipo tiyambe liti kusunga?

Mayankho a funso loyamba ndi lachitatu muwalembe papepala, mukawaonetse kwa mlangizi kuti awatsimikize, kenako mukhome pepalalo pomwe aliyense wopita kunyanja angalione. Insha Allah, Okutobala akubwerayu tidzakhala tikudziwa tsiku lathu mwezi usanathe.